Timiyala M'maso mwa Wopalasa Kumbuyo

Lachitatu, 9 Okutobala 2024

Ndafika kuchokera ku Lusaka dzuwa litapendeka, msana uli ngati wa nkhalamba. Buku ili ndagula pa Buliji, mlatho wa pa Luangwa, basi itaima. Adokotala anati ndizilemba nthawi iliyonse mdima ukandigwera m'maso: tsiku, nthawi, ndi zomwe ndinali kuchita. Ine Edmilson, amene ndinatsazika cholembera mu Giredi 9, lero ndasanduka kalaliki wa maso anga omwe.

Zinayambira ku chipatala cha ku Katondwe mu Ogasiti, anthu a maso atabwera. Ine ndinangoperekeza mkazi wanga Philomena, amene ankadandaula kuyabwa m'maso. Anesi a maso, a Lillian, anati nanunso khalani pampando. Zilembo ndinawerenga zonse mpaka mzere wapansi penipeni, ndikudzitama. Atandiunika ndi katochi kawo anasiya kuseka. Anandifunsa ngati maso amazima nthawi zina ndikadzuka mofulumira. Ndinati inde, kanthawi kochepa, ngati aliyense. Anati si aliyense, n'kundilembera kalata.

Ku chipatala cha maso ku Lusaka amakuika chibwano pa makina, n'kukuuza usaphethire. Pa kompyuta panatuluka mkati mwa diso langa. Kumbuyo kwa diso kuli kamalo kozungulira ngati batani, pamene mtsempha waukulu wopita ku ubongo umayambira. Pa batani langalo pali timiyala. Tinkawala pachithunzipo, toyera, tounjikana ngati mazira a nsomba. Zaka 38 ndikuyenda ndi zinthu zowala m'mutu, osadziwa.

Chithunzi chachiwiri chinali cha kayendedwe ka magazi. Pamene magazi akuyenda pamaoneka timizere toyera, pamene sakufika pamaoneka bii. Adokotala anandionetsa cha munthu wabwinobwino, timizere tili thithithi. Changa chinali ngati Luangwa wa mwezi uno, madzi apa ndi apo, kwinaku mchenga wokhawokha. Ati timiyalato tikufinya timitsempha ta magazi, ndiye mbali za diso zikufa ndi njala pang'onopang'ono. Pakati ndizionabe bwino, mwina mpaka ukalamba. M'mbali ndi pansi ndiye kukutha, makamaka kumanzere. Kuchotsa sachotsa.

Anaitana ophunzira atatu kudzaona. Ati sizipezeka kawirikawiri mwa anthu akuda, kodi kumtundu kwanu kunali mzungu? Ndinati agogo awo a baba ankanenedwa kuti anali mwana wa Mpwitikizi wa ku Zumbo. Anagwedeza mutu. Ati zimayenda m'magazi, mubweretse abale anu a mimba imodzi.

Atandifunsa ntchito ndinati ndimagulitsa nsomba. Si bodza lonse.

Mng'ono wanga Obvious akudziwa kuti ndinapita kukagula nayiloni ya ukonde. Nayiloniyo ndagula ndithu.

Mdima lero: kawiri. Potsika basi, ndi pomanga nsapato.

Lachinayi, 10 Okutobala

Tabwerera pamadzi. Kuvuula ukonde m'mawa, kutchera masana.

Ndilembe mmene timagwirira ntchito, mwina ndikaziona papepala ndizimva. M'bwato timakhala awiri. Wakutsogolo ndi wa ukonde, amawerama, maso ake ali pa zingwe ndi pa nsomba basi. Wakumbuyo ndi wa madzi. Amawongola bwato, amagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi kuti mvuu zimve zitulutse mitu, ndipo amayang'ana uku ndi uku. Malemu baba, a Silvestre, ankati wakutsogolo akadzutsa mutu kuyang'ana madzi ndiye kuti watukwana wakumbuyo. Kwathu kumbuyo kumakhala wamkulu. Ndakhalako zaka 15, Obvious ali kutsogolo, ndipo sanadzutsepo mutu.

Lero ndimatembenuza khosi lonse ngati kadzidzi. Nsomba za lero: mapende asanu ndi awiri, nchenga zitatu, mcheni umodzi wong'amba ukonde. Palibe chachitika.

Mdima: kamodzi, tili kale pamtunda.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndinali kusoka ukonde pansi pa mtondo, pabwalo palibe munthu. Mawu anangomveka pafupi ndi khutu langa: “Ichi n'chiyani?” Ndinadumpha mpaka singano inandibaya. Philomena anali ataima pambali panga penipeni, kumanzere, phazi lake pafupi kukhudza langa. Ati waima pamenepo nthawi yaitali, akundiyang'ana, ine osatekeseka.

M'manja anali ndi zithunzi zija. Ndinazibisa m'Baibulo, poganiza kuti m'kati mwa sabata salitsegula. Ndinalakwa.

Ndamuuza zonse. Anakhala pansi.

“Miyala? M'diso? Anaiikamo ndani?”

“Palibe anaiikamo. Ndinabadwa nayo.”

“Atate ake Karen, munthu abadwa na miyala? Amama anu akamva izi, mawa lomwe muzawapeza kwa sing'anga. Mudzi uno uzayakanso moto monga paja.”

Akunena zoona. Kuno mwala ukapezeka m'thupi mwa munthu, funso loyamba ndi lakuti watumiza ndani. Tagwirizana kuti amama asamve. Kenako anafunsa za Obvious. Ndinati ndimuuza ndikapeza mpata. Anandiyang'ana mmene amayang'anira nsomba ya dzana pamsika.

Mdima: katatu. Kukutentha koopsa.

Loweruka, 12 Okutobala

Mpata sunapezeke. Mdima kamodzi.

Lamlungu, 13 Okutobala

Ndachita chinthu chopusa m'tchalitchi. Ndinafuna kudziyesa ndekha. Pa nyimbo ya Ulemu ndinayang'anitsitsa mtanda wa kuguwa, osasuntha maso ngakhale pang'ono, kuti ndione chotsala.

Mtanda unalipo. Abambo mfumu analipo kuyambira m'chifuwa kupita m'mwamba. Anthu a benchi langa kunalibe. Azimayi onse a mbali ya kumanzere kunalibe, kwaya kunalibe. Sikunali kwakuda ayi, ndicho chandiopsa. Panali khoma, kuwala, benchi ngati likupitirira, koma anthu atachotsedwamo. Nyimbo ikumveka mwamphamvu, manja akuwombedwa, ng'oma ikulira, m'tchalitchi mopanda munthu. Nditasuntha maso onse anabwerera nthawi imodzi, pakamwa pali yasa, akuimba. Karen anandigwira dzanja n'kufunsa chifukwa chake ndikutuluka thukuta chonchi.

Ndiye kuti Zambezi amene ndimamuona woyera, wopanda kanthu, ndi diso langa limangomumalizitsa lokha.

Titaweruka tinadutsa kwa amama. Ndinawafunsa ngati zocheza mmene baba ankayendera masiku awo omaliza. Anaseka. Ati baba wako anali wosasamala, makapu onse m'nyumba muno anatha n'kuwakankha ndi chigongono, nkhuku ankaziponda, mwana akakwawa pansi tinkachita kukuwa. Koma maso anali nawo akuthwa, ati ankawerenga nambala ya boti lili kutsidya.

Ndinasiya kudya.

Baba anafa mu 2005, dzuwa lili pamutu, madzi ali bata. Anali kumbuyo. Mvuu inatulukira kumanzere, anthu a pamtunda anaiona ikubwera kuchokera patali, anakuwa. Amalume amene anali kutsogolo anapulumuka, ndipo mpaka imfa yawo ankalumbira kuti baba anali maso chitsegulire, nkhope italoza komweko, koma ngati munthu womangidwa m'maso. Mudzi wonse unati mvuu yotumidwa. Banja limene ankaliloza chala linasamuka chifukwa cha mawu amenewo, nyumba yawo inagwa yokha, pamalopo mpaka lero palibe amamangapo.

Amama anati, “Wafunsiranji, mwanangu? Wawalota?” Ndinati iyayi.

Mdima: sindinawerenge.

Lolemba, 14 Okutobala

A Lawrence, amene amatchera kumunsi kwathu, atichenjeza padoko. Ati mvuu yaikazi ya mwana yasamukira mumkwasa, kanjira ka madzi ka kuseri kwa chilumba, pomwe pali ukonde wathu wachiwiri. Madzi achepa, zikusowa pokhala. Obvious anangoti, “Akulu alipo,” n'kulowa m'bwato akuimba.

Cha m'ma 10 koloko tinakakamira pamchenga. Ndinaimirira msanga kuti ndikankhe ndi nkhafi. Zonse zinazima.

Ndimawerenga mumtima, monga anandiuzira adokotala. Wani, thuu, fili. Si kuda kwa usiku, ndi phulusa, ngati wina wakuphimba ndi bulangete lotuwa dzuwa likukuotchabe pamutu. Ndikumva madzi akunyambita bwato. Ndikumva Obvious akuimba nyimbo yake ya kwaya, akukoka chingwe. Ndikumva mtima wanga m'makutu, ndikuganiza za timizere toyera tija, magazi akukankha pa timiyala osadutsa. Pa seveni ndinamva mfuu! wa mvuu ikupuma kwinakwake, sindikudziwa kutali bwanji. Dzanja langa linayamba kugogoda bwato lokha. Pa naini kuwala kunabwerera kuyambira pakati.

Madzi anali osalala. Panali mizere yozungulira ikufalikira, chapatali ngati kuchokera pakhomo pathu kufika pa mjigo.

Obvious sanatembenuke. Khosi lake lili ndi chipsera chija anagwa mu mango ali mwana. Ndakhala ndikuchiyang'ana njira yonse yobwerera, ndikudzida.

Mkazi wake Cátia ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Madzulo watibweretsera maheu ozizira, ati atate aakulu a mwana wanga musamafe ndi ludzu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

A Lillian aimba foni. Amafunsa ngati ndikumwa madzi okwanira, ngati ndasiya kudzuka ngati msilikali, ndi tsiku lomwe ndibweretse abale anga. Ndinati tili awiri okha amuna, mlongo wathu ali ku Tete. Kenako pakamwa panga panandipereka. Ndinawauza ntchito yanga yeniyeni, ndi mbali ya bwato imene ndimakhala.



“A Edmilson, amene ali kutsogoloyo akudziwa?”

Ndinati netiweki ikuvuta.

Ndikudziwa chimene ndikuopa, ndipo ndichilembe. Sindikuopa khungu kwenikweni. Ndikuopa tsiku limene ndidzakhale kutsogolo, nditawerama ngati mwana, anthu padoko akufunsana kuti mwana wa Silvestre wamkulu watani. Ndikuopa kuti akadzamva za miyala adzafukula za 2005. Zifukwa ziwirizi ndikaziika pasikelo ndi khosi la Obvious sizilemera kanthu, ndikudziwa. Komabe mawa ndipita.

Mdima: kawiri, konse pamtunda.

Lachitatu, 16 Okutobala



Mdima sunabwere n'komwe lero. Maso anali bwinobwino, ndicho choipa chake. Tinali kuseri kwa chilumba cha m'ma 9, ndikugogoda, ndikutembenuza khosi kumanja, kutsogolo, kumanzere, kubwereranso. Madzi oyera mbali zonse. Mbalame zinali zitasiya kulira koma sindinalabadire.

A Lawrence anakuwa kuchokera m'bwato lawo. “Edi! Kumanzere! Kumanzere iwe!”

Nditagwetsa maso pansi chakumanzere, inali pomwepo. Mutu wonse pamwamba, makutu akugwedera, maso ake ali pa ine. Ndikanatambasula nkhafi kawiri ndikanaikhudza. Sinatulukire pamenepo ayi, madzi pamutu pake anali atauma kale. Inakhala ikundiyang'ana nthawi yonse imene ine ndimayang'ana mtsinje wopanda kanthu. Kamwana kali kumbuyo kwake.

Sindikudziwa chimene inatisiyira. Inamira mwakachetechete, ine ndikupalasa chobwerera ngati wamisala, ukonde titausiya ndi nsomba zomwe.

Padoko a Lawrence anandikokera pambali. “Mwana wa Silvestre, unaiona ija nyama olo sunaione?”

“Ninaiona. Nenze kufuna isadzidzimuke.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Iwo analipo pamtunda mu 2005. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kupita.

Obvious amaseka njira yonse, kuseka kokweza kosatha, kufotokozera aliyense mmene akulu ake alili olimba mtima. Atafika pa mpanda wa kwawo anasanza.

Lachinayi, 17 Okutobala

Nkhafi yanga yasowa m'mawa. Ndafunafuna, kenako ndaona nkhope ya Philomena.

Takangana zoopsa, Karen mpaka anathawira kwa aneba. Ndinamuuza kuti za pamadzi si za akazi. Anati zamasiye ndiye za akazi, ndipo iye sadzatha kukhala pa maliro pambali pa Cátia akudziwa zimene akudziwa. Ati, “Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndimwe akulu, kambani. Mukapanda kumuuza mawa, nizamuuza ine, pamaso pa amama anu.”

Nkhafi anaibisa m'khola la mbuzi. Wandibwezera madzulo, yonunkha.

Sitinapite pamadzi. Ndinatumiza uthenga kuti ndadwala m'mimba. Obvious anayankha kuti nayenso.

Mdima: kanayi. Sindinamwe madzi tsiku lonse chifukwa cha mkwiyo, ngati kuti ndikulanga Philomena.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndinakonza zomuuza padoko, koma padoko panali anthu. Ndinati ndimuuza tikadutsa bango, pa bango panali ana a sukulu akutunga madzi. Mantha anandipalasitsa mpaka pakati pa mtsinje, pafupi ndi chilumba chomwe chija, malo oipa kuposa onse okambirapo nkhani yotere.

Ndinasiya kupalasa. “Obvious, bwera ukhale kuno. Tisinthane.”

Sanatembenuke. “Iyayi akulu, kumbuyo n'kwanu.”

“Nakuuza bwera.”

“Baba sangakondwe.”

Ndiye ndinamuuza, ndikulankhula ndi msana wake. Za Katondwe, za Lusaka, za timiyala, za magazi osafika. Za tchalitchi chopanda anthu. Ndinati dzana mvuu ija sindinaione, ndinanama, ndipo Lolemba ndinaima kumbuyo kwako ndili wakhungu kwa nthawi yowerenga mpaka naini. Ndinati undikhululukire mng'ono wanga, ndakuyendetsa pamwamba pa manda ako sabata yathunthu. Tenga nkhafi, maso ako ndiwo atifikitse.

Anaika chingwe pansi pang'onopang'ono. Anatembenuka, koyamba m'zaka 15, ndipo anatembenuka ndi thupi lonse, mapewa ndi khosi pamodzi, mpaka nkhope yake italunjika pa ine ndendende. Ndinazindikira katembenukidwe kameneko iye asanatsegule pakamwa.

“Kumayamba monga phulusa?” anatero. “Mukaimirira?”

Ndinavomera ndi mutu.

“Ine chinayamba nikali ku sukulu. Manje kumanzere kulibe, pansi kulibe. Nimaona chabe pamene nayang'ana. Ukonde nimaugwira na manja, siufuna maso.” Anapukuta kumaso ndi malaya. “Dzana ija nenze n'tadzutsa mutu, akulu. Nimadzutsa masiku onse mukayang'ana kwina. Nenze kuyang'ana komweko. Sininaione.”

“Osandiuza bwanji?”

“Ninaopa muzatenga wina. Ndiye nenze kuziuza kuti palibe kanthu, akulu ali kumbuyo, akunionera.”

Bwato linali likuyenda lokha ndi madzi. Dzuwa lili ngwee, mtsinje waukulu wonse uli mbee, wokongola, wopanda kanthu mbali zonse. Tinakhala tikuyang'anana, amuna awiri akuluakulu, aliyense akuona nkhope ya mnzake yokha.

Kenako mfuu! Pafupi. Fungo la udzu wowola ndi matope linatifika, timadontho tinandigwera pamkono.

Palibe anakuwa. Ine ndinayang'ana uku, iye uko, tikusesa madzi ndi maso pang'onopang'ono ngati ofuna singano. Madzi okhaokha. Mfuu! kachiwiri, mbali ina. Obvious ananong'ona kuti tisapalase. Tinagoneka nkhafi, tinagwira m'mbali mwa bwato, tinalola Zambezi atitenge. China chake chinakhudza pansi pa bwato, mopepuka, kuchokera kutsogolo mpaka pansi pa ine, ngati munthu akusisita ng'ombe. Mwina unali mchenga. Ndinamva Obvious akunena Tikuoneni Maria, ndinalowa nawo pakati.

Madzi anatitaya pa bango la kumunsi, kupitirira madimba. Kuchokera pamenepo tabwerera m'mphepetemphepete, m'madzi ofika m'mawondo, tikukoka bwato ndi chingwe, iye akuyang'ana kumtsinje, ine kutsogolo, tikuuzana chilichonse chimene taona ngakhale chitsa. Ukonde wachiwiri tausiya kuseri kwa chilumba ndi nayiloni yake yatsopano.

Padoko sitinapangane. Tinangolikokera kumtunda, kupitirira pamene timalisiya masiku onse, mpaka pansi pa mkuyu, n'kulitembenuza chafufumimba. Ntchito ya anthu anayi, taigwira awiri. Anthu anasiya zochita zawo n'kumationerera.

A Lawrence anabwera, anagogoda pamimba pa bwato ndi chala. “Yayamba kudontha?”

Obvious anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana njira yopita kwa amama.

“Iyayi,” anatero Obvious. “Bwato ilibe mlandu.”